Boti la abambo lili pangalande ya ku Kobe

Okondedwa achimwene Shigeto,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Kobe. Kodi muli bwanji kuchilumbako? Nanga chifuwa cha amayi chinaleka? Ine ndili bwino, kungoti chinyezi chandionongera kamera imodzi, ndiye ndikugwira ntchito ndi yobwereka.

Mwezi uno abwana anga, a Tokura, anandituma kukajambula ngalande yakale ija, yomwe inkanunkha mafuta ndi nsomba zoola. Simungaizindikire. Aikumba, aika milatho yamatabwa, ndipo nyumba zosungiramo katundu zija zasanduka malo odyera. Maboti a anthu olemera angoti ndandanda. A Tokura anati ndizijambula zoyera zokhazokha, dzimbiri ndilisiyire akhwangwala.

Lachiwiri m'mawa ndinajambula kaboti kena kamatabwa, kopakidwa penti yoyera, komwe amagulitsiramo khofi. Madzulo ndikusankha zithunzi pakompyuta, ndinakuza chimodzi, mtima unangoti phwii. Pafupi ndi chiwongolero pali chipsera chakuda chonga chikhatho. Achimwene, mukukumbukira tsiku limene ndinagubuduza mbaula ya abambo tikuotcha nsomba, iwo n'kundikoka khutu? Chipsera chake n'chomwecho.

Koma inu nonse munandiuza kuti boti la abambo linamira padoko ndi namondwe, patangopita miyezi iwiri iwo atamwalira panyanja. Nthawi imeneyo n'kuti nditalongedza kale katundu kuti ndibwerere kwathu ndizikasodza nalo, monga anandilonjezera eniakewo. Nditamva za kumirako ndinamasula zikwama, n'kukhala kuno zaka zinayi tsopano.

Poyamba ndinakayikira bambo aang'ono a Kanji, poti ndi amene anatumiza uthengawo, komanso mukudziwa kuti chinthu chikadutsa m'manja mwawo chimamera miyendo. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho m'mawa mwake ndinabwererako ndekha.

Mwini wake ndi mayi wina wansangala, dzina lake Uragami. Atandiona ndikusisita thabwalo anandiseka, amvekere kodi atsikana a masiku ano mwayamba kufunsira matabwa amuna atakukanani? Ndinagula khofi, n'kufunsa mochenjera kumene analipeza botilo. Anati silinamirepo ndi tsiku limodzi lomwe, linabwera lokha ndi injini yake, louma ngati chikwatu cha machesi. Ndinafunsa ngati anamugulitsa botilo anali bambo wadazi wolongolola ngati a Kanji. Anapukusa mutu. Akuti anali mayi wachikulire, wamfupi, wa kuchilumba, amene sanavute n'komwe pamtengo. Anangopempha zinthu ziwiri: dzina la botilo lifufutidwe, ndipo lisadzatulukenso kunyanja. Akuti mayiyo anati nyanja yamudyera mwamuna, siimudyeranso mwana wamkazi.

Khofi uja sindinamumalize. Mayi Uragami anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mphuno yangayi akuiona kachiwiri. Ndinangotsanzika n'kuchoka.

Usiku wake ndinayamba kulumikiza zinthu. Ndinakumbukira kuti nditapempha chithunzi cha botilo litamira, munati foni yanu inagwera m'madzi. Ndinakumbukiranso kuti chaka chatha nditafunsa a Kanji za namondwe uja, anatsokomola n'kutuluka panja, munthu amene sasiya nkhani ili pakati.

Chithunzicho a Tokura achikonda kuposa zonse. Akuti chikhala pachikuto cha kabuku ka alendo, ndipo timabukuto tidzaikidwa m'sitima zonse zopita kuzilumba. Ndiye kuti mwezi wamawa amayi adzachiona, dzina langa lili m'munsi mwake. Ndili ndi masiku khumi oti ndivomere kapena ndichichotse.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi musawafunse kanthu, mtima wawo ndi wofooka. Ndiyankheni inuyo, pakalata, masiku khumiwo asanathe. Ndikutero chifukwa mayi Uragami akuti mayi wachikulireyo sanabwere yekha. Amene anayendetsa botilo kulowa m'ngalande anali mwamuna wamtali, wotsimphina mwendo wakumanzere, amene anatsala m'botimo akulira mpaka anachita kumukoka. Pachilumba pathu, wotsimphina wodziwa chiwongolero ndimadziwa mmodzi yekha, ndiye inuyo achimwene.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, ana anu awiri, ndi bambo aang'ono amene mwina ndawanamizira mumtima.

Ndine mlongo wanu,
Fumika