Singano ya Galamafoni ya Abambo

Okondedwa Abambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kupita kudimba, kapena mukungolamulira muli pakhonde? Achimwene anandiuza pafoni kuti mankhwala mukumwa mwa apo ndi apo. Imwani ndithu, musawasungire alendo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira ndipo mphepo ikulowera pansi pa chitseko. Ndatsekapo ndi chiguduli.

Ntchito ikadali yomwe ija yochapa ndi kusita zovala za anthu. Tsiku lonse ndimakhala chiimire m'kati mwa nthunzi, simbi ili m'manja. Abwana ndi munthu wabwino, koma pakamwa pokha. Sabata yatha ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala, ndiye anandiyankhula mpaka nthawi yoweruka. Mumve chimene chinandiwotchetsa, chifukwa mlanduwu ndi wanu.

Kuseri kwa khoma la pomwe ndimasitira kuli kasitolo ka zimbale zakale, zakuda zija za pagalamafoni. Mwini wake timangomutchula kuti Chindevu. Amaika nyimbo kuyambira m'mawa, ife n'kumamvera zaulere kudzera m'khoma. Tsiku limenelo masana ndinangomva gitala ikulira mosasa ngati munthu wachimfine, ng'oma zikuithamangitsa pambuyo. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changachi chinabwera ndi ng'oma za amalume. Ndinangoti kakasi, mpaka fungo la nsalu yopserera linanditsitsimutsa.

Abambo, chinali chimbale chanu.

Nthawi yopuma itakwana ndinalowa m'kasitolomo. Chikuto chake achikhomera pakhoma, m'kati mwa galasi. Inu muli pakati, tsitsi lili nyankhalala, buluku lotambalala kumiyendo. Amalume anyamula timitengo tawo toimbira ng'oma, ndipo amayi ali chakumapeto, atseka pakamwa ndi dzanja chifukwa cha phwete. Pansi pake panaima anyamata ndi atsikana akutsutsana. Chindevu anawauza kuti chimbalecho chidabadwa nthawi yake isanakwane. Anati zimene akuimba a chamba cha roko masiku ano, inu mudaziimba kale makolo awo akukwawa. Mtsikana wina anati gitala yosasayo iyenera kuti inkadutsa m'makina apadera. Ndinadziluma mlomo kuti ndisaseke. Ndinakumbukira sipika ija imene amayi ankasimba kuti idagwa panjinga n'kung'ambika, inu n'kukana kuikonzetsa, ati tsopano ndi pamene yayamba kunena zoona.

Ndinalakalaka mukadakhala mutaima pakhomo paja kuti mudzimvere nokha. Si inu amene adakubwezani paukwati nyimbo ili pakati, ati anthu akusowa poponda? Si inu amene a kuwailesi adakubwezerani chimbale, ati chiwonongera anthu mawailesi awo? Ife tidakula makatoni a zimbale ali pansi pa bedi. Zina amayi adazisandutsa zivundikiro za ndowa. Zina mudazipachika nokha kudimba kuti ziziopseza mbalame, n'kumanena kuti mbalame zokha ndi zimene zikukupatsani ulemu. Tinkaseka, inunso mumaseka, koma pano ndakula ndipo ndikudziwa kuti zinkakupwetekani. Ulemu wanu wachedwa panjira, Abambo, koma wafika, ndipo ndauona ndi maso angawa.

Achinyamata aja atatuluka ndinamuuza Chindevu kuti ndine mwana wanu. Anandiyang'ana kuyambira kuepuloni mpaka kumasilipasi, osakhulupirira. Ndiye ndinamuimbira mawu a nyimbo yotsatira isanayambe. Bambo wamkulu uja ananyamuka n'kundipatsa mpando wake. Wati ndikupatseni moni ndi manja awiri, ndipo akufunsa ngati gitala ija ikadalipo. Ndinamuyankha kuti ilipo, koma masiku ano imagwira ntchito yokolekapo chipewa.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Ndinamupempha kuti atembenuze chimbalecho, aike nyimbo yodekha ija ya kumbali yachiwiri, imene amayi amaimba okha. Chake n'chokandika, ndipo chidakandikira pomwepo. Gitala imayamba bwinobwino, amayi amakoka mpweya kuti ayambe, basi singano n'kudumpha kukagwera pa ng'oma za amalume. Anachipukuta, anayesanso, anaika kakhobidi pamutu pa singano kuti ilemere, koma ayi ndithu. Anati chiyambire ntchito yake sanaonepo china. Ndinabwerera kosita ndikupukuta m'maso, anzanga n'kumati ndi nthunzi.

Abambo, mawu a amayi ndayamba kuwaiwala. Nkhope yawo ndikuiona, kayendedwe kawo ndikukaona, ngakhale zimene ankanena pondikalipira ndikhoza kuzibwereza zonse. Koma ndikazibwereza mumtima zimatuluka ndi mawu anga, osati awo. Zimenezi zikundiopsa. Kunoko palibe amene adawadziwa, palibe woti n'kumufunsa kuti kodi amayi ankaseka bwanji. Tsiku lililonse ndimasita kumbali kuno kwa khoma, iwo ali kumbali inayo, akukoka mpweya osayamba kuimba.

Ndikudziwa kuti chimodzi chamtunthu chidatsala, chili m'sutikesi pansi pa jekete lanu lakuda. Ndikudziwanso kuti chichokereni kumanda kokaika amayi simunachikhudze, ndipo aliyense akafunsa mumati galamafoni ilibe singano. Sindinakutsutsenipo, ndipo lero sindiyamba. Singano ndi iyo ndaimata pakona ya envulopuyi, ndaikulunga m'thonje. Chindevu ndiye anaisankha nditamufotokozera mtundu wa galamafoni yanu. Potsegula musakutumule, n'kanthu kakang'ono.

Sindikupempha kuti munditumizire chimbalecho. Chingasweke m'basi, komanso n'chanu. Pempho langa ndi ili. Lamulungu likudzali masana ndidzaimba pafoni ya achimwene. Mudzaike kumbali yachiwiri, foni pafupi ndi sipika. Ngati mtima sudzalola, mudzawaonetse achimwene poika singano, inu n'kutsikira kudimba, sindidzakhumudwa. Koma ndikadakonda mutadzakhala pomwepo, pampando wanu, kuti amayi tidzawamve tonse awiri.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti foni idzakhale ndi moto. Moni kwa azakhali, ndi kwa ana onse a pakhomo. Amalume muwauze kuti kuno kuli anthu amene akuyesa kuimba ng'oma ngati iwo, manja akukana. Mwina adzasiya kudandaula kuti unyamata wawo adautaya pachabe.

Lamulungulo foni ikadzalira, musadzavutike n'kufunafuna mawu ondiuza. Ndikadzangomva singano ikutera pachimbale, ndidzadziwa kuti mwandiyankha.

Ndine mzime wanu,
amene mumati ndidatengera makutu anu.