Buku la Aphunzitsi Latsala Pang'ono Kutha

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wa mng'ono wanu. Kaya muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unaphwa, kapena mukungoukoka osapita kuchipatala monga mwa chizolowezi chanu? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi muiwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti ndimasamalira bambo okalamba aja, amene aliyense pamsewu pano amawatchula Aphunzitsi. Moyo wawo wonse anaphunzitsa mbiri ya dziko lapansi. Maso anafa kalekale, miyendo nayo inakana, ndiye ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi sipuni ndi kuwatembenuza pabedi. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti chilolezo changa chokhalira m'dziko la eni lino chinamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Iwo akadzatsikira kuli chete, ine ndiyenera kulongedza.

Nditangofika anandiuza kuti akufuna kumvanso buku lomwe ankaphunzitsira, kuyambira pachiyambi, ndipo sadzafa tisanafike tsamba lomaliza. Ndinaseka. Bukulo ndi lochindikala ngati njerwa, ndipo m'mphepete mwa masamba muli tizolemba tawo ta pensulo. Masana aliwonse ndimakokera mpando pafupi ndi bedi n'kuyamba kuwerenga, iwo n'kumandikonza katchulidwe. Ine yemwe ndinkagona m'kalasi aphunzitsi akayamba za nkhondo zakale!

Tinayamba ndi anthu osema miyala ndi osaka nyama, kenako amene anayamba kulima ndi kuweta. Ndinkaganiza kuti anthu akakhuta zinthu ziyenda bwino. Ayi ndithu. Atangokhala ndi nkhokwe anamanga mpanda, atamanga mpanda anafuna mfumu, mfumu nayo inafuna asilikali. Kuchokera pamenepo, achemwali, ndi maliro okhaokha: mizinda kuwotchedwa, miliri kusesa anthu, ena kumangidwa m'khosi n'kupanikizidwa m'zombo. Tsiku limene tinafika pa akapolo ndinasiya kuwerenga. Aphunzitsi anati ndimwe madzi ndipitirize, poti amene anali m'zombomo sanapatsidwe mpata wopuma. Ndinawakwiyira mpaka madzulo, tiyi ndinawamwetsa osawalankhula.

Chaka chatha chifuwa chinawagwira kwambiri, ndipo anayamba kusokoneza masiku. Apo n'kuti masamba a kudzanja lamanja akuchepa. Ndinachita mantha, ndipo ndinayamba kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Tikafika pa mafakitale ndi sitima zapamtunda, mawa lake ndinkatsegula pa mafumu akale aja omanga manda aatali ngati mapiri. Ufumu wina ndinaugwetsa kambirimbiri, mpaka ndinayamba kuumvera chisoni. Iwo ankangogwedeza mutu, ine n'kumati aiwala. Mudzati ndi zachibwana, buku silisunga mpweya wa munthu. Koma iwo anali atalonjeza, ndipo si munthu wobweza mawu.

Mwana wawo wamkazi amabwera Lamlungu. Amapsompsona bambo ake pachipumi, kenako amazungulira m'zipinda ndi tepi kuyeza makabati. Mabuku onse anawapezera kale wodzawatenga. Si munthu woipa, ndipo anandiuza mwaulemu kuti ndiyambe kuganiza za kumene ndidzalowere. Ndagogoda m'nyumba zingapo, koma malamulo akuno salola kusintha bwana pa chilolezo chomwechi.

Sabata yatha ndikuwawenga zikhadabo, Aphunzitsi anandigwira pamkono. Mutu wawo tsiku limenelo unali bwinobwino. Anati zoti ndimabwerera m'mbuyo akhala akudziwa kuyambira tsiku loyamba, poti bukulo analiloweza ine ndisanabadwe. Anangokhala chete chifukwa amadziwa kuti ndili ndi mwana kumudzi, ndipo akhala akudzikakamiza kumeza chakudya ngakhale pakhosi pakukana, kuti ndipezeko nthawi. Koma anati atopa. Zilonda zatuluka kumsana ngakhale ndimawatembenuza, ndipo mankhwala opha ululu sakugwiranso. Sanandikalipire ayi. Anandipempha ngati mwana kuti ndiwafikitse kumapeto.

Ndinathawira m'bafa n'kukalira. Ine kumati ndikupusitsa nkhalamba, osadziwa kuti nkhalambayo ikupirira ululu chifukwa cha pepala langa. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba.

Ndiye tikupita kutsogolo tsopano. Tadutsa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, tadutsa pamene maiko ankalandira ufulu. Masamba otsala ndikawatsina ndi zala ndimamva chikuto. Aphunzitsi asiya kudya, akungonyowetsa milomo, ndipo adokotala atabwera dzana sanalembe mankhwala ena.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo likukhudza mwana wathu. Ndinamulonjeza kuti chaka chino chisanathe ndimuitanitsa kuno adzaphunzire unamwino. Wandiuza pafoni kuti wapeza kale wogula makina ake osokera, ndipo akufuna kutsanzika kwa atelala kumene akugwira ntchito. Chonde musalole. Makinawo asatuluke m'nyumba, ndipo ntchitoyo asaisiye, chifukwa posachedwa ndiyo itidyetse tonse awiri. Mukhale naye pansi panokha, mumuuze kuti ulendo kulibe ndipo amayi ake akubwerera. Ine ndayesa kumuimbira, koma akangoyankha ndi chimwemwe chake chija ndimapezeka ndikufunsa za mvula. Akakwiya musamuletse, ndipo mkwiyowo aulozetse kwa ine, osati kwa inu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wokhawokha, zinazi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Ndilekeze pano. Aphunzitsi adzuka ndipo akuitana. Akuti ndibwere ndi buku, ndipo lero ndisakoke mawu.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamutcha Kamlomo