Akuti asepareta

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mwera wawomba tsiku lonse kuno ku Mlowe, ndipo mutu wanga wakakamira pa liwu limodzi.

Achimwene a Wongani aimba foni masana ali kuntchito ku Chelinda. Akuti iwo ndi mkazi wawo, a NyaGondwe, asepareta. Amama amayanika usipa chapafupi, ndiye amva zonse.

"Iwe umaphunzitsa Chingerezi," atero amama. "Kusepareta n'kutani?"

Ndinayamba kuyankha ngati ndili m'kalasi, kuti ndi kupatukana kwa zinthu zomwe zinali pamodzi. Ana ndimawapatsa chitsanzo cha mpunga ndi mankhusu. Koma lero chitsanzocho chinandiwawa pakamwa, chifukwa mankhusu akauluka sabwerera m'lichero. Ndatsegula dikishonale. Ikuti liwuli limanenedwanso za mwamuna ndi mkazi akaleka kukhala nyumba imodzi, koma ukwati usanathe. Nanga achimwene analisankha dala, kapena angoopa kunena zolimba m'chiyankhulo chomwe amama angamve? Ndikufunitsitsa chomene kudziwa.

Amama za buku alibe nazo ntchito. Angofunsa ngati thenga, mkulu uja anayenda pakati pa mabanja awiriwa pofunsira ukwati, wauzidwa. Ndati ayi.

"Basi ndi Chizungu chabe," atero.

Madzulo ano amanga usipa wotumiza, phukusi limodzi ngati kale, n'kundilembetsa dzina la a NyaGondwe pamwamba. Ndafunsa za achimwene.

"Akafuna ndiwo akudziwa komwe zili."

Ine dikishonale ndikadaitsegulabe, koma mwina amama alimva bwino liwuli kuposa ine...