Bodza Langa ndi Dothi la a Teleza

Masambanjati,
Thyolo.
12 Ogasiti 2025

Okondedwa alamu anga a Stafford,

Moseliwa uko ku Dwangwa? Ndikukhulupirira kuti nzimbe za kumeneko sizinakuthereni mano awiri aja ndinawaona pa maliro a malemu a Dickson. Kuno tili bwino, kungoti bondo langa lakumanzere lasanduka wailesi, limalengeza za chiperoni kutatsala masiku awiri. Achemwali anu a Teleza alinso bwino, ndipo ayambiranso kundiyankhula. Ngati mukudabwa kuti analekeranji, khalani pansi, chifukwa nkhani yake ndi imene ndagulira envulopu.

Mukumukumbukira Hazel, mwana wa a Mathew aja amayendetsa thirakitala pa esiteti? Anakula, anapita ku koleji, pano ndi mphunzitsi wa zojambulajambula ku Blantyre. Tchuthi chino wabwera ndi maganizo ochititsa kampu ya masiku atatu, yophunzitsa anthu a m'malaini ndi a m'midzi yozungulira kujambula zithunzi ndi manja. Iyamba Lachiwiri pa 26 mwezi uno n'kutha Lachinayi, kuti isayandikire Sabata. Malo tapempha shedi yakale ija munkayezetsako tiyi inu musanathawire ku shuga. Analembetsa anthu makumi awiri ndi anayi, ambiri ndi azimayi othyola tiyi.

Anapanga komiti, ine n'kundisankha kukhala woona za mabenchi. Musaseke, alamu, ndi udindo waukulu, munthu sangajambule ali chiimire ngati kakowa. Tinasesa shedi, tinathamangitsa mileme, a Mathew anayamba kukhoma matabwa otsamiritsapo mapepala. Hazel anabwera ndi katoni ya maburashi ndi timachubu ta penti tating'ono ngati mankhwala otsukira mano.

Pa msonkhano wachiwiri Hazel anati sakufuna kuphunzitsa yekha ngati mlendo, akufuna mmisiri mmodzi wa konkuno. Anthu anangoti zii. Inu mukundidziwa, chete amandiyabwa. Ndinaimika mkono n'kunena kuti, "Mmisiri ndili naye kunyumba. A Teleza akakujambula, ngakhale kamera imapepesa." Onse anaseka, poti akudziwa kuti achemwali anu pensulo anaisiya mu Sitandade 2. Chimene sindinaone n'chakuti Hazel yekha sanaseke. Ankalemba.

Sabata lotsatira mkulu wa mpingo akuwerenga zolengeza, tinangomva, "Aphunzitsi a kampuyi ndi Mayi Hazel ochokera ku Blantyre, ndi Mayi Teleza Namakhwa athu omwewa." Tchalitchi chonse chinatembenuka. Azimayi a Dorika ena anabisa pakamwa ndi nsalu. Achemwali anu sanayang'ane anthu. Anayang'ana ine, ndipo benchi inanditentha mpaka pemphero lotsekera.

Masiku anayi osandiyankhula. Chakudya ankaika patebulo ngati akuikira galu wa eni ake. Apa m'pamene nthabwala inandithera. Pepala la dzina lawo linali litamatidwa kale pa golosale ya pa Masambanjati. Akapanda kupita, anthu adzati anathawa. Akapita, akaima pamaso pa anzawo omwe anathyola nawo tiyi zaka makumi atatu, burashi ili m'manja, osadziwa kogwira. Manyazi onsewo ndinawabweretsera ndine, mayi woti sananamizepo munthu chibadwire.

Lachitatu m'mawa Hazel anafika kunyumba ndi katoni yake kuti akonze dongosolo ndi mphunzitsi mnzake. Ine ndinafuna kuzemba kuti ndikaone mbuzi, koma ndinakumbukira kuti tilibe mbuzi.

A Teleza anamuyalira mphasa n'kunena, "Mwananga, agogo akowa bodza anayambira m'mimba. Ine burashi sindinaigwirepo. Ukafufute dzina langa."

Hazel anangoti, "Pepani, agogo," nkhope itagwa, n'kuyamba kubwezera timachubu m'katoni. Kamodzi kanali kosatseka bwino, penti wofiira n'kumudetsa chala. A Teleza anagwira chalacho n'kuchiyang'anitsitsa padzuwa.

"Ichi ndiye chofiira cha ku Blantyre?"

"Eya, agogo."

"Chikudwala. Chilibe magazi." Kenaka anati, "Mawa ubwere ndi ndowa zitatu ndi zitini." Ndiye anatembenukira kwa ine koyamba chichokereni kutchalitchi. "Inu, abambo a Martha, mudzanyamula khasu, poti pakamwa mwagwiritsa kale ntchito."

Mawa lake tinadutsa m'munda wa tiyi wa Namba Naini mpaka kutsikira kukhwawa. Munda umenewo ndinaulondera zaka khumi ndi zisanu, ndinkati palibe chiswe cha m'menemo chimene sichindidziwa. Koma achemwali anu ankayenda patsogolo ngati mtsikana, amaima, n'kuloza, "Kumbani apa, mkono umodzi." Ndikakumba, pansi pa dothi wamba pamatuluka lofiira ngati chiwindi. Kutsogolo pang'ono, m'mbali mwa kamtsinje, lachikasu. Pansi pa nsungwi loyera, kudambo lakuda lonona, lina lotuwa ngati nthenga ya nkhunda. Hazel anawerenga mitundu isanu ndi iwiri ndipo Chingerezi chinamuthera. Lililonse a Teleza ankalinyowetsa, kulipaka kuseri kwa dzanja, n'kudikira kuti liume, ati dothi lonyowa limanama ngati mwamuna wofunsira mbeta. Sindinafunse kuti mwamuna wake uti.

Titafika ku shedi anasefa dothilo ndi sefa ya ufa, analisakaniza ndi phala lamadzimadzi la chinangwa kuti ligwire, n'kupempha khoma lakumbuyo, la zidina lija. Burashi anaikana. Anatenga chisanza ndi chitsononkho, monga amachitira azimayi pozira nyumba. Hazel anafunsa kuti nanga chobiriwira cha tiyi achitenga kuti. Iwo anati, "Chobiriwira n'cha esiteti. Ine ndijambula zathu za pansi pake."

Alamu, ine ndaona zinthu pa dziko pano. Ndinaonapo bwana wa esiteti akuthamangitsidwa ndi njuchi, ndinaonapo inu mukuvina pa ukwati wanu. Koma izi sindinazionepo. Dzanja lomwe lija limatsuka mbale zanga linangoyenda kamodzi, phiri la Thyolo linaima pakhoma. Linayendanso, mizere ya minda inatsetsereka yofiira mpaka kukhwawa, ndi mithunzi ya bulugama, ndi nkhungu yotuwa ija imagona pamwamba m'mawa, moti ndinamva kuzizira pakhosi. Kenaka anaviika chala chachikulu m'dothi lakuda n'kuyamba kudinda m'mizeremo. Akadinda amaika kadontho koyera kumsana kwake, ndiye dengu. Chidindo chilichonse ankachitchula dzina, motsitsa, ngati kapitawo akuitana maina koma wachifundo. "Jean. Rachel wa chifuwa uja. Patience, ankatiyimbira. Mayi a Mathew." Ndinawerenga mpaka makumi atatu ndi mmodzi, onse azimayi a gulu lawo omwe anatisiya. Ndipo ankaoneka, alamu. Wina wowerama kwambiri, wina wotsalira kumbuyo monga ankatsalira Rachel.

A Mathew anatulukira ndi hamala ndi thabwa zonse zitatha. Anaima, anavula chipewa, n'kuloza chidindo chimodzi cha kumapeto kwa mzere. "Awa ndi mayi anga. Ankanyamula dengu mopendeka chonchi." Iwo panalibe pamene maina ankatchulidwa. Ine amene abusa anandichotsa m'kwaya chifukwa cholongolola, ndinakhala pa ndowa ola lathunthu osatulutsa liwu.

Pobwerera ndinafunsa, "Nanga zonsezi munkazibisiranji?"

Anati, "Anabisa ndani? Nyumba yathu yoyamba ija ndinkaizira chaka chilichonse mvula ikatha, maluwa ndi mbalame kuzungulira khomo. Inu tsiku lozira munkapita ku bawo kuti matope asakudetseni thalauza, pobwera munkangofunsa ndiwo. Ndiye mutamanga ya simenti munaima pakhomo n'kuuza anthu kuti, 'Mkazi wanga wapuma, sadzagwiranso matope.' Anthu anawomba m'manja. Ndikanati chiyani?"

Zaka makumi awiri ndi ziwiri, alamu. Ine ndinkayenda monyada kuti ndinawapumitsa, osadziwa kuti ndawamanga manja. Pa mabodza anga onse, lija la mmisiri lokha ndi limene lapezeka loona, ndipo ndi limene likundiwawa.

Kampu ndiye ichitika, dzina lawo silifufutidwa. Hazel wasintha dongosolo lonse: tsiku loyamba anthu apita kukhwawa ndi ndowa, lachiwiri kusefa ndi kusakaniza, lachitatu aliyense apatsidwa kachigawo kake pa khoma lakutsogolo. Timachubu tidikira kaye. Azimayi ena khumi alembetsa atangoona khoma lija, moti mabenchi anga sakukwananso, ndikuyendayenda kubwereka. A Teleza aika lamulo limodzi, loti ine ndikhale pakati pa ophunzira, kutsogolo, ndi chisanza changa, ndipo ndikayankhula osafunsidwa azindituma kukatunga madzi. Ndikuona kuti madzi sadzasowa.

Tsopano pempho, ndipo si langa. A Teleza akuti mayi anu ankajambula chinachake pamwamba pa khomo, chimene anabwera nacho kuchokera kwawo ku Milanje. Achemwali anu akukumbukira mizere ya m'mbali, koma chapakati chawathawa, ndipo akuti inu ndi amene munkawagwirira mayi mpando akamakwerapo. Otsala amene anachiona ndinu awiri basi. Ngati mukuchikumbukira, chijambuleni kuseri kwa kalata yanu, ngakhale chikhote ngati miyendo yanu. Koma chabwino n'kubwera nokha. Lolemba pa 25 mukhale mutafika. Benchi ndikusungirani, mwini wake ndine.

Ndinawapempha a Teleza kuti ajambulenso khoma la nyumba yathu. Anati dothi siligwira pa simenti, limagwa ndi mvula yoyamba, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo. Ndiye kuyambira Lamlungu ndikuumba zidina kuseri kwa nyumba, ndi bondo langali, kuti ndimange khoma limodzi ndi kadenga ka udzu, lopanda ntchito ina iliyonse. Odutsa akuti Josiah wayamba misala. Lero m'mawa ndikukhoma zikhomo ndi chingwe poti pakhale maziko, a Teleza anatuluka ndi tsache, anayang'ana, n'kunena, "Mwalakwitsa. Liyang'ane kum'mawa. Chikasu chimafuna dzuwa la m'mawa."

Ndazula zikhomo zonse.

Perekani moni kwa akazi anu a Queen, muwauze kuti ndimawamverabe chisoni chifukwa cha inu, ndi kwa ana ndi zidzukulu. Achemwali anu akupereka moni wambiri. Ali pakhondepa akusefa dothi loyera, manja onse mbuu, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene sindinaimve chimangireni nyumba ino. Sindikufuna kuwasokoneza, ndiye ndilekere pomwepa.

Ine mlamu wanu,
wophunzira wa pa benchi yakutsogolo,

Josiah Namakhwa