Maere a katemera

3 Malichi
Achemwali atuluka m'chipatala. Chotupa cha m'matumbo achichotsa, koma adokotala sanabise: khansa yotere imakonda kubwerera. Eni akewo kalikiliki kufunsa ngati ndathira mafuta mashini awo osokera. Munthu ameneyu!

11 Malichi
Kuli kafukufuku wa katemera. Osati woteteza ngati wa ana uja, koma wophunzitsa thupi kusaka khansa yotsalira. Akuti amamupanga kuchokera ku chotupa cha wodwala yemweyo. Achemwali kuseka mpaka kugwira pabala: "Ndiye kuti ndi woyeza thupi ngati diresi, osati wogula wosokasoka." Anthu ali ndi mitu, abale. Ndawagomera.
Vuto limodzi: salandira onse. Kompyuta ichita maere, ena katemera, ena mankhwala a nthawi zonse basi, kuti adzayerekeze. Achemwali alowa nawo.

19 Malichi
Shopu tatsegula. Achemwali sangaponde mashini, ndiye akudula nsalu ali chikhalire, ine kusoka, iwo kundizazira mizere yokhotakhota. Kasitomala aliyense akumva za katemera, afune asafune. Mtima uli m'mwamba. Mulungu, maere awagwere.

2 Epulo
Sanawagwere.
Namwino wa kafukufuku watiuza mosapita m'mbali. Ndinalusa. Ndinati tiyeni, asadzakuoneninso kuno, azikukamani magazi mwezi ndi mwezi mukupindulanji? M'basi achemwali anangoyang'ana pawindo ulendo wonse. Chibadwire sindinawaonepo choncho.

16 Epulo
M'mawa kushopu, chitseko chokhoma. Mantha! Kuimba foni, ati ali kuchipatala, pamzere wopereka magazi a kafukufuku. Ndinathamangira komweko nditakwiya. Ndinawapeza atapinda kale mkono wa bulauzi, akuuza namwino uja kuti yunifolomu ikumukulira m'mapewa, abwere nayo amubwezere.
Ndinati anthu akutayani awa, mukufunanso chiyani kuno? Yankho lawo ndilembe ndisanaiwale: "Mng'ono wanga, popanda ife osabayidwa, adzadziwa bwanji kuti obayidwawo katemera wawathandiza? Usaone kusekaku, ndikuopa. Koma matendawa anatenga amayi, lero ali pa ine. Akadzagogoda kwa iwe, adzapeze yankho lilipo."
Ndinangowagwirira chikwama. Singano ikulowa, amene anatsinzina ndine.