Mabotolo a Otilia

La Palmita,
Lamulungu, 17 Malichi 2024.

Okondedwa achemwali Hermencia,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Murcia. Ine kuno ndilipo, bondo lokha ndi limene limandikumbutsa zaka kukazizira. Kalata yanu ya pa 2 Febuluwale inandipeza pa 21. Mwafunsanso ngati ndimacheza ndi anthu, ndipo mwabwereza zoti ndigulitse nyumba. Nyumba sindigulitsa, achemwali. Za kuchezazo ndikuuzani mmene zilili.

Mukukumbuka kuti kale zinyalala tinkangotentha kuseri kwa khola la nkhuku. Chaka chatha khonsolo inaletsa. Ansembe analengeza m'tchalitchi kuti kuyambira Lachinayi pa 7 Seputembala nyumba iliyonse iziika matumba atatu pageti: loyera la mabotolo, zitini ndi mapepala, zonse zotsuka ndi zouma, lobiriwira la makoko ndi zotsala za chakudya, lakuda la zina zonse. Ukalakwitsa amakumatira chipepala chachikasu pageti, n'kubweranso sabata yotsatira kudzaona ngati wakonza. Ukalakwa katatu, chindapusa ndi mapeso 50,000. Pali lamulo linanso limene limagwera ine ndekha, poti chisamukireni banja la a Barragán kumtunda kuno kwatsala nyumba yanga yokha: pageti pakakhala popanda kanthu masabata atatu, lole yotenga zinyalala imasiya kukwera phiri, kuti mafuta asamapite pachabe.

Nanga munthu wokhala yekha amataya chiyani? Makoko a nthochi ndi a chinangwa amadya nkhuku. Khofi ndimakazinga wa m'munda mwanga. Chimene ndinali nacho ndi mabotolo a malemu mkazi wanga Otilia, aja ankathiramo jamu wa magwafa wokagulitsa kumsika. Nditawawerenga anakwana 90 opanda kanthu, ndi limodzi lodzaza, la jamu womaliza amene anaphika asanagonekedwe kuchipatala. Sabata yoyamba ndinatsuka khumi ndi awiri n'kuika pageti.

Pa lolepo pamakhala anthu awiri. Nubia ndi mayi wa kumunsi kumtsinje, ndiye amatsegula matumba kuona ngati tasankha bwino. Wilfrido ndiye amayendetsa, ndipo wailesi sazimitsa. Nubia anakweza botolo limodzi kudzuwa n'kunena kuti, "Bambo Quiroga, mabotolowa mwatsuka kapena mwawabatiza? Anzanu kumunsiku amandipatsa ali ndi nyerere zomwe."

Wilfrido anasuzumira pawindo. "Madala, khofi akununkhirayo ndi wa alendo, kapena mumangonunkhitsa anthu odutsa?"

Anamwa ali chiimire pageti, akukangana za mpira. Atapita ndinamva kukhosi kukanda, ndipo ndinazindikira kuti kuchokera pa Misa ya Lamulungu ndinali ndisanayankhule ndi munthu. Kuyambira pamenepo ndinkatulutsa mabotolo atatu okha pa sabata, kuti asathe msanga. Lachitatu ndimatsuka, ndimayanika pa waya, ndimasesa pageti. Lachinayi ndimavala malaya a kutchalitchi.

Atatu omaliza anapita pa 7 Malichi. Ndinaganiza zogula zakumwa za m'mabotolo, koma adokotala anandiletsa shuga wa tsiku ndi tsiku, ndipo kugula chinthu n'kukachikhuthulira pansi sindingathe, mayi sanatilere choncho. Ndinaganizanso zokatola mabotolo kubwalo la mpira, koma ndi bondoli phiri ndimatsika kamodzi pa sabata basi.

Lachinayi lapitali, pa 14, ndinatulutsa katebulo pageti. Ndinaikapo tchizi, buledi, ndi botolo lodzaza lija. Pabotolopo pali kapepala komata kamene Otilia analembapo ndi dzanja lake kuti 9 Meyi 2022. Ndinkalisungira inu, achemwali, kuti tidzatsegule limodzi mukadzabwera. Mundikhululukire. Lamulo limati botolo lizikhala lopanda kanthu, ndipo ndekha sindikanatha kulidya.

Nubia atatsika anayang'ana tebulo, kenako anayang'ana thumba loyera lili lopindapinda pampanda. Chivindikiro chinandikanika, anatsegula ndi Wilfrido.

"Uyu ndiye jamu," anatero akunyambita mpeni. "Wa kugolosale uja ndi utoto wothira shuga."

"Udye mwaulemu iwe," anatero Nubia. "Waona tsiku lili pabotolopo?"

Wilfrido anayang'ana, kenako anapita kukazimitsa wailesi. Aka kanali koyamba kuona lole ija ili chete. Tinadya atatu mpaka supuni inayamba kulira pansi pa botolo. Kukoma kwake kunali komwe kuja, kowawasa pang'ono, poti Otilia sankasenda magwafa. Ndinalowa m'nyumba, ndinalitsuka, ndinalipukuta, ndinabwera nalo n'kuliika m'thumba loyera.

Nubia analitulutsamo. Analitembenuza kawiri m'manja.

"Ili sinditenga, bambo Quiroga. Lili ndi pepala lomata. Galasi payekha, pepala palokha, simunamve ansembe?"

Ndinati, "Koma ena aja analinso ndi mapepala, ndipo munatenga."

"Ndiye kuti ndinkagona pantchito. Lero ndadzuka." Anatulutsa chipepala chachikasu m'thumba la epuloni n'kumata pageti langa. "Mwalakwa kamodzi. Lamulo likundikakamiza kubweranso Lachinayi kudzaona ngati mwakonza. Wilfrido, walemba?"

"Ndalemba. Madala awa ndi ovuta, tiziwayendera pafupipafupi. Khofi asamachepe shuga."

Achemwali, inu mukundidziwa. Chibadwire sindinachedwepo kulipira msonkho, ndipo dzina langa silinalembedwepo poipa. Dzulo mwana wa a Cárdenas, podutsa ndi bulu wake, anaima n'kuwerenga chipepalacho, ndiye kuti pofika lero mudzi wonse wadziwa kuti Quiroga sadziwa kusankha zinyalala. Ku Misa ena amandiyang'ana akumwetulira. Botolo lili pawindo, ndipo kapepala ka Otilia sindichotsa. Pa 21 andimatira chachiwiri, pa 28 chachitatu, ndipo ndalama ya chindapusa ndaika kale pambali, ya mazira. Kupitirira apo sindikudziwa. Nubia akuti khonsolo ikuganiza zosintha anthu a pa lole mwezi wa mawa, koma sizinatsimikizike.

Magwafa a mtengo wa kuseri ayamba kupsa, akungogwera pansi. Ngati mukukumbuka mmene Otilia ankayezera shuga, mundilembere, chifukwa ine ndinkangosonkhezera moto, sindinafunsepo. Mankhwala opaka bondo aja munatumiza anandithandiza ndipo atsala pang'ono kutha. Mukamatumiza ena musagule a m'kachubu kamodzi kakakulu. Mugule a m'timabotolo tagalasi, ting'onoting'ono, ngakhale akhale okwera mtengo pang'ono.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Yeison ndi Marisol, ndi kwa kamdzukulu kaja ndimangokaona pachithunzi. Mukauze kuti kuli agogo ake ena kuphiri amene amalandira alendo Lachinayi lililonse. Mukafuna kuimba lamya, muziimba tsiku lina lililonse, nthawi ina iliyonse, mudzandipeza. Lachinayi lokha m'mawa ndimakhala ndili pageti.

Ndine mlongo wanu,
Eliécer Quiroga