Malikisi a Lorna

Pangani, Nairobi
14 Juni 2003

Okondedwa achemwali a Consolata,

Kalata yanu yandipeza Lolemba, ndipo ndaiwerenga mpaka yang'ambika mopinda. Mwalemba kuti Tina ali ndi pakati pa miyezi isanu, kuti inu ndi alamu a Vitus mwagwirizana zomutumiza kumudzi ku Dedza, ndipo mwana akadzabadwa adzatengedwa ndi msuweni wathu Emmie kuti Tina abwerere kusukulu. Mwati mwini wake sakuonetsa n'komwe kuti akumufuna. Musanamukweze basi, ndiloleni ndikufotokozereni za ntchito yanga ija mumaiseka kuti ndi yofufuza zinsinsi za eni.

Kubungwe kwathu kunabwera namwino wina wa ku Thailand. Kwawo ankayeza kukula kwa chikondi cha atsikana achichepere pa mwana amene ali m'mimba, ndiye anatibweretsera pepala la mafunso makumi awiri kuti tiyesere kuno. Kodi umamulankhula? Umasisita mimba akamagunda? Wamuganizira dzina? Yankho lililonse lili ndi malikisi ake. Ine ndinaseka, ndinati chikondi chafika poyezedwa ngati mtedza pamsika. Komabe ntchito ndi ntchito, Lachitatu lililonse ndimakwera matatu, minibasi za kuno, kupita nalo kusikelo ku Kawangware.

Kumeneko ndinakumana ndi Lorna, msinkhu wa Tina ndendende. Amakhala ndi azakhali ake, amene anali atapangana kale ndi banja lina la ku Karen, dera la olemera, kuti lidzatenge mwanayo. Funso lililonse Lorna ankangoti, "Hapana," kutanthauza ayi, maso ali pansi. Malikisi ake anatsika kuposa a wina aliyense, ndipo ine ndi ukatswiri wangawu ndinalemba kuti alibe naye chidwi mwana. Azakhaliwo atandifunsa ndinawauza zomwezo. Anapumira m'mwamba nati, "Basi, sizidzamupweteka."

Patapita masabata angapo tinakwera matatu amodzi, mvula itakumbakumba msewu. Pabampu lililonse Lorna ankadzuka pang'ono pampando, manja onse awiri atachirikiza mimba, milomo ikuyenda. Ndinamufunsa chimene ankanena.

"Ndikumupepesa, sista. Sakonda mabampu."

"Nanga bwanji unandiuza kuti sumulankhula?"

"Mukanalemba kuti ndimamukonda, akanandisiyira?" anatero akuyang'ana pawindo. "Ndikazitulutsa pakamwa, ndidzalephera kumupereka."

Ndinapita kwa azakhali aja kukabweza mawu anga, koma anandikumbutsa kuti pepala linanena kale. Lorna anabereka mwezi watha, mwana wamwamuna, ndipo banja lija linamutenga pa tsiku lachitatu. Ndinamuonanso mtsikanayo atamanga mabere ndi nsalu kuti mkaka uume. Anandipatsa moni mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unandiwawa kuposa kunditukwana.

Achemwali, pepala lomwe lija ndinaliyankhanso ndekha, ndikudziika mu 1987. Mukukumbukira tsiku limene amayi anandifunsa pakhonde, inu mulipo, ngati ndikufuna mwana kapena sukulu? Ndinati sukulu. Ndinkamanga mimba ndi chitenje mpaka kubanika, ndipo nonse munati Pilirani ndi wouma mtima, sizidzamuvuta. Simunadziwe kuti ndinkamuimbira kubafa, ndikudzithira madzi kuti musamve. Ndinamupatsanso dzina, Sungeni, koma poti kwathu sititchula mwana asanabadwe, linathera m'mimba mwanga momwemo. Atabadwa munamunyamula inu n'kumutcha Tina.

Mwamulera bwino, sindingakane, ndipo ndikanapanda inu sindikanakhala namwino. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano akunditchula amayi aang'ono, ine n'kumavomera ndikumwetulira, mtima ukuwawa. Sindinazolowere ngakhale tsiku limodzi.

Ndagwira mwendo wanu, musamufunse Tina ngati akumufuna mwanayo, chifukwa ayankha zimene akuona kuti mukufuna kumva. Ingomuyang'anani mmene akukhalira pansi, mmene akudutsira pakhomo pothinana, pamene manja ake akupita akayiwala kuti pali anthu. Kwa Emmie musalonjeze kanthu. Ndapempha tchuthi, ndifika kumayambiriro kwa Julayi. Ngati pakhomo panu pangalemedwe, ndidzawatenga onse awiri. Chipinda changa ndi chaching'ono, koma sukulu kuno ziliko.

Moni kwa alamu, muwauze asandikwiyire. Moni kwa Petro ndi Jean, alimbikire sukulu. Tina mumuuze kuti amayi ake aang'ono akubwera. Zinazo ndidzamuuza ndekha, inu mukandilola, tili tonse atatu. Ndipo akakhala pafupi nanu, muike dzanja pamimba pake, mundiperekere moni kwa amene ali m'katiyo. Musachite manyazi kulankhula mokweza, amamva.

Ine mng'ono wanu,
Pilirani,
amake Sungeni